Alipo Ali ndi Mawu? Ufulu Wonena Maganizo Pagulu kwa Kuntumanji

Kwa Mfumu Yaikulu Kuntumanji, m'chigwa chomwe chili pakati pa phiri la Zomba ndi nyanja ya Chilwa, misonkhano siisowa. Kuli bwalo la mfumu, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, komiti ya sukulu, ya mjigo, ya kudoko, magulu a banki m'khonde, misonkhano ya kutchalitchi ndi kumzikiti. Pafupifupi msonkhano uliwonse, ukamafika kumapeto, wapampando amafunsa kuti, "Alipo ali ndi mawu?" Kawirikawiri anthu amangoti zii, ena n'kuwomba m'manja, mlembi n'kulemba kuti onse agwirizana. Koma pobwerera kumudzi, m'tinjira ta m'mphepete mwa minda ya mpunga, nkhani yomwe ija imayambiranso, ndipo apa aliyense amakhala ndi chonena.

Funso lenileni

Pokamba za ufulu wonena maganizo pali zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi kukhala ndi maganizo mumtima, chomwe palibe mfumu kapena boma lingaletse. Chachiwiri ndi kuwatulutsa pakamwa anthu akumva. Chachitatu ndi kumvedwa, kutanthauza kuti mawuwo afike kwa amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu, ndipo iye ayankhe.

Malamulo a dziko lino amateteza choyamba ndi chachiwiri momveka bwino. Koma munthu wa kumudzi akamasankha kuyankhula kapena kukhala chete sayamba watsegula buku la malamulo. Amayamba wawerengera zimene angataye. Kodi munda umene ndikulimawu ndi wa ndani? Ndani amalemba mayina a olandira thandizo? Ndikadwala usiku ndikagogoda kwa yani? Choncho funso loti anthu ali ndi ufulu kapena ayi silikwanira palokha. Tiyenera kufunsanso kuti kuyankhula kumamudyera chiyani munthu, ndipo akayankhula chimachitika n'chiyani.

Momwe bwalo limayendera

Anthu a m'dera lino ndi osakanikirana: Ayao, Anyanja ndi Alomwe. Mafumu a Chiyao monga Kuntumanji ndi Malemia adakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1800, ndipo Alomwe ambiri adafika pambuyo pake kuchokera ku Mozambique. Mitundu yonseyi imatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo yonse ili ndi mwambo woweruza nkhani pabwalo.

Bwalo lili ndi dongosolo lake. Wodandaula sayamba kulozana zala ndi mnzake. Amapereka nkhani yake kudzera kwa nduna kapena kwa mwinimbumba wake, winayo amayankha, mboni zimanena zimene zidaona, akuluakulu amafunsa mafunso, ndipo mfumu imayankhula pomaliza. Kuyankhula pomaliza kumeneku kuli ndi nzeru yake. Mfumu ikanayamba ndiyo kunena maganizo ake, palibe akanalimba mtima kunena zosiyana nayo. Poyembekeza, imamva komwe mphepo ikulowera, ndipo chigamulo chake chimatuluka ngati cha onse. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga amaunena kwambiri pamalo ngati amenewa.

Komabe bwalo silidapereke mpata wofanana kwa aliyense. Amuna amakhala mbali yawo, nthawi zina pamipando, amayi pamphasa kapena pansi chapatali. Mnyamata akatsutsa mkulu pagulu amatchedwa wamwano ngakhale mfundo yake ikhale yoona. Mkamwini, amene adabwera kudzakwatira pamudzipo, amadziwa kuti nkhani za malo ndi za ufumu si zake.

Chifukwa cha ichi makolo adasiya njira zina zodutsira. Mayi wokwiya ndi apongozi kapena ndi mwamuna wake ankaimba pamtondo, mudzi wonse n'kumva, koma palibe akanamutengera kubwalo chifukwa inali nyimbo chabe. Asuweni amaloledwa kunyozana mwanthabwala, ndipo m'nthabwalamo mumadutsa chilungamo chowawa. Adzukulu pamaliro amatha kunena zimene wina sangayerekeze. Akatswiri a mbiri Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la mu 1991, adasonyeza kuti m'maiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa woimba ankaloledwa kudzudzula wolamulira malinga ngati chidzudzulocho chili m'nyimbo. Mwambo wathu, tinganene, sunaletse kudzudzula. Udasankha nthawi yake, malo ake ndi kanenedwe kake.

Nthawi ya atsamunda ndi ya chipani chimodzi

Atsamunda atakhazikitsa likulu lawo ku Zomba, mafumu adasanduka otolera msonkho ndi ofalitsa malamulo a boma. Kuyambira pamenepo kutsutsa mfumu kudayamba kuoneka ngati kutsutsa boma lenilenilo. Amene ankafuna kuyankhula adafunafuna mabwalo ena. John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, ndipo boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa. Mabungwe a mbadwa adayamba mu 1912 kumpoto, ndipo mu 1944 kudabadwa Nyasaland African Congress. M'zaka za m'ma 1950 alimi adadana kwambiri ndi malamulo a malimidwe owakakamiza kuunda migula, ndipo madandaulo amenewa, omwe pabwalo la mfumu analibe pogwira, ndiwo adapatsa Congress anthu ambiri kumidzi.

Ufulu wodzilamulira utabwera mu 1964, ambiri ankayembekeza kuti pakamwa patseguka. Sipadapite miyezi itatu. Mu Seputembala chaka chomwecho nduna zomwe zidatsutsana ndi Dr Kamuzu Banda zidachotsedwa, zina zidatula pansi maudindo, ndipo ambiri adathawira kunja. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1968 kudabwera lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya. Ngodya zinayi za chipani, zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinalibe malo a munthu woganiza mosiyana.

Chimene chidapweteka kwambiri kumudzi sichinali lamulo lounika mabuku, poti owerenga mabuku anali ochepa. Chinali kusakhulupirirana. Wapampando wa nthambi ya chipani anali m'mudzi momwemo, anyamata a Youth League ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi, ndipo munthu ankatha kunenezedwa ndi mnansi wake chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Mawu onenedwa pamowa madzulo ankatha kumufikitsa kupolisi m'mawa. Anthu adaphunzira kutsitsa mawu ndi kucheuka asanayankhule.

Kwa anthu a m'chigwa chino zimenezi sizinali nkhani zakutali. Ndende ya Mikuyu ili kum'mawa kwa tawuni ya Zomba, mbali yomweyi ya nyanja. Nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagonekedwa kumeneko mu Meyi 1983 asanakaphedwe ku Mwanza. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, adatsekeredwa komweko kuyambira mu Seputembala 1987 mpaka mu Meyi 1991 osazengedwa mlandu. Agogo ambiri amene lero amauza adzukulu awo kuti "zaboma sitiyankhapo" adakulira pafupi ndi mpanda umenewu.

Zimene malamulo amanena tsopano

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Zambiri zimene idanena, monga za malipiro ochepa, kusowa kwa mankhwala ndi kumangidwa popanda mlandu, anthu ankazidziwa kale. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, paguwa, tsiku limodzi, aliyense akuona kuti mnzake wamvanso. Ophunzira a ku Chancellor College adachita zionetsero zoikira kumbuyo maepiskopi, Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege pa 6 Epulo, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 pa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri.

Malamulo aakulu a dziko omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994 ali ndi magawo otsatizana okhudza nkhaniyi. Gawo 34 limateteza ufulu wokhala ndi maganizo, kuwalandira ndi kuwagawana. Gawo 35 ndi la ufulu wofotokoza zakukhosi, 36 ndi la atolankhani, 37 ndi la ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo 38 ndi la kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Gawo 44 limalola kuchepetsa ena mwa maufulu amenewa, koma pokhapokha ngati kuchepetsako kwalembedwa m'lamulo, n'koyenera, ndipo n'kofunikira m'dziko la demokalase. Ndiye kuti mfumu, mphunzitsi wamkulu kapena wapolisi sangangodzuka n'kuletsa munthu kuyankhula chifukwa mawu ake sakumukomera.

Malamulo akale oopseza sadafe tsiku limodzi, ndiponso boma silidasiye msanga chizolowezi chake. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi ku Chancellor College, ndipo mkangano womwe udabuka udaimitsa maphunziro kwa miyezi yambiri. Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga wa boma lidasainidwa mu 2017 koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idachotsa mlandu wodzutsa chidani pa boma kudzera m'mawu, ndipo mu Julayi 2025 khoti lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi malamulo aakulu. Woipitsidwa mbiri angathebe kusuma kuti alandire chipukuta misozi. Palinso lamulo la mu 2016 lokhudza mauthenga a pafoni ndi pakompyuta, lomwe apolisi akhala akumangira anthu, ndipo mabungwe a atolankhani monga MISA Malawi akhala akudandaula kuti limagwiritsidwa ntchito poopseza odzudzula.

Chimene chimatseka pakamwa masiku ano

Munthu wa kwa Kuntumanji lero saopa kwenikweni kutengedwa usiku. Mantha ake ndi ang'onoang'ono koma a tsiku ndi tsiku, ndipo amachokera ku kudalira.

Choyamba ndi malo. Minda yambiri ndi ya makolo, yoyang'aniridwa ndi mbumba ndi mafumu. M'madambo a m'mphepete mwa nyanja, madzi akaphwa pamatuluka nthaka yachonde yolimapo mpunga ndi mbewu za m'chilimwe, ndipo amene ali ndi mawu pogawa malowo ndi mfumu. Wobwera, wobwereka munda ndi wochita lendi amadziwa kuti chaka chamawa adzafunikanso chisomo cha munthu yemweyo.

Chachiwiri, ndipo mwina ndicho chachikulu, ndi kaundula. Kuyambira pa makuponi a feteleza mu 2005, Mtukula Pakhomo yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, ntchito zachitukuko zolipidwa, mpaka chimanga cha nthawi ya njala kapena ya madzi osefukira, moyo wa mabanja ambiri umadalira kuti dzina lilembedwe. Ngakhale kumene kalembera amachitika ndi anthu a boma ndi makina, anthu amakhulupirira kuti mfumu ndi komiti ali ndi dzanja pamenepo. Chikhulupiriro chokhacho n'chokwanira. Mayi amene akuganiza kuti kufunsa za ndalama za mjigo kungamuchotsetse m'kaundula sadzafunsa, kaya mantha akewo ndi oona kaya ayi.

Chachitatu ndi chilankhulo ndi sukulu. Alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe amachititsa misonkhano m'Chichewa chodzaza ndi mawu a Chingerezi, pamene gogo wina amaganiza ndi kutsutsa bwino m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Mapepala a ndondomeko za ndalama amalembedwa m'Chingerezi. Wosadziwa kuwerenga amaopa kuti akafunsa asekedwa.

Palinso kutopa. Anthu amene adanenapo za mlatho, za mankhwala kuchipatala kapena za chitetezo cha m'mbali mwa mtsinje wa Domasi kwa zaka zambiri osaona kusintha amafika poti "tinenerenji". Chete wotereyu sachokera ku mantha. Mlendo wobwera ndi galimoto amamuwerenga ngati kukhutira, ndipo amalakwitsa.

Katswiri wa ku Germany Elisabeth Noelle-Neumann adafotokoza mu 1974 momwe chete amaberekera chete mnzake. Munthu akaganiza kuti maganizo ake ndi a yekha amawabisa. Powabisa amachititsa mnzake woganiza chimodzimodzi kudziona ngati ali yekha, nayenso n'kubisa. Mapeto ake mudzi wonse ungawombere m'manja chinthu chimene ambiri sakuchifuna. Izi zikufotokozanso chifukwa chake munthu mmodzi wolemekezeka akangolimba mtima n'kuyamba, manja ambiri amakwera nthawi yomweyo.

Chitsanzo cha kunyanja

Nyanja ya Chilwa imaonetsa bwino kuti mawu a yani amalemera. Ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imaphwa nthawi ndi nthawi. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope. Itauma mu 1995, boma ndi mafumu adagwirizana zoteteza nsomba zotsalira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, kuphatikizapo kuletsa kupha nsomba ndi katupe. Kuchokera pamenepo kudakhazikitsidwa makomiti a kumadoko, ndipo lamulo la zausodzi la mu 1997 lidavomereza kuti asodzi azitenga nawo mbali poyendetsa usodzi.

Cholinga chinali choti malamulo a nyanja, monga nyengo yotseka usodzi wa makoka ndi kukula kwa maso a maukonde, azikambidwa ndi eni ake. Koma "asodzi" si gulu limodzi. Mwini makoka ali ndi ndalama, ali ndi anyamata omugwirira ntchito, ndipo mfumu imamudziwa. Wotchera miono m'njedza ndi woponya matchera amafuna kuti makoka achepe chifukwa amakokolola ndi tiana tomwe. Mnyamata wokoka khoka amadya tsiku limene wakoka, choncho nyengo yotseka kwa iye ndi njala, koma sangatsutse bwana wake pagulu. Amayi oyanika ndi kugulitsa matemba, makumba ndi milamba amakhudzidwa ndi chigamulo chilichonse, komabe nthawi zambiri msonkhano ukamachitika amakhala ali pantchito yoyanika kapena ali pamsika. Ndiye pali asodzi okhala m'zimbowera, nyumba zoyandama pakati pa nyanja, ena ochokera m'maboma ena, amene sakhala pansi pa mfumu ya padokopo ndipo uthenga wa msonkhano suwafika n'komwe.

Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Lamulo limene lavomerezedwa ndi anthu amene adabwera kumsonkhano limathyoledwa usiku ndi amene sadafunsidwe. Akuluakulu amati asodzi ndi osamva. Koma kuthyola lamulo mobisa nthawi zambiri ndi yankho la munthu amene sadapeze poyankhira masana. Apa ndi pamene nkhani ya ufulu woyankhula imakumana ndi nkhani ya ndiwo: komiti yomwe siimva otsutsa imapanga malamulo omwe sagwira ntchito, ndipo nsomba zimatha.

Wailesi ngati bwalo lachiwiri

Kuyambira mu 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990 wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo inkayankhula yokha. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA ndi kutsegula njira ya mawailesi ena. Zodiak idayamba mu 2005, ndipo ku Zomba kuli mawailesi monga YONECO FM ndi Chanco Community Radio, yomwe yakhala ikuulutsa zambiri zokhudza chilengedwe cha chigwa cha Chilwa. Mapulogalamu oimba foni ndi magulu omvera wailesi pamodzi adapatsa munthu wamba njira yolumphira mfumu ndi khansala n'kufika kwa DC kapena kwa nduna.

Pulogalamu ya Nkhani za M'maboma ya pa MBC ndi yofunika kuiganizira. Imaulutsa nkhani zotumizidwa ndi omvera: mfumu yodya za amasiye, mphunzitsi wochimwitsa mwana wasukulu, bwana womana antchito malipiro, ndi nkhani zambiri za ufiti. Anthu ena ophunzira amainyoza. Koma Harri Englund, yemwe adaifufuza n'kulemba buku mu 2011, adapeza kuti omvera amaiona ngati malo okumbutsa anthu amphamvu udindo wawo kwa ofooka. Madandaulo ake sanenedwa m'chilankhulo cha mabungwe a zaufulu. Amanenedwa ngati nkhani ya munthu amene wachita zosayenera udindo wake.

Wailesi nayo ili ndi sefa yake. Woimba foni ayenera kukhala ndi foni, mayunitsi ndi moto m'batire, ndipo m'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba mwa bambo. Aliyense womvera mapulogalamuwa amadziwa kuti mayina a oimba amabwerezabwereza.

Mbali zitatu za mkangano

Pa funso loti munthu ayankhule mpaka pati, anthu agawikana.

Mbali yoyamba imati ufulu wadza ndi mwano. Akuluakulu ambiri ndi mafumu ena amati chiyambire 1994 ana sakumva, ndipo aliyense akufuna kukhala woweruza. Kwa iwo ulemu ndiwo umagwirizanitsa mudzi, ndipo chidzudzulo chiyenera kudzera kwa nduna kapena kunenedwa kuseri. Mfundo yawo ili ndi mphamvu, chifukwa anthu okhala pamodzi moyo wawo wonse sangakwanitse kukangana ngati alendo okumana m'basi. Kufooka kwake n'koti njira ya kuseri imadalira mtima wabwino wa wodzudzulidwayo. Akakana kumva, wodandaula alibe kwina kopita, ndipo palibe mboni.

Mbali yachiwiri, ya mabungwe a zaufulu, atolankhani ndi achinyamata ambiri, imati mawu asamatsekedwe kupatula ngati akuyambitsa chiwawa kapena kuwononga mbiri ya munthu ndi bodza. Amakumbutsa za njala ya mu 2002, pamene mipingo ndi mabungwe adachenjeza kwa miyezi kuti anthu akufa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, koma boma lidadzalengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale. Kwa iwo dziko limene silimva odandaula limachedwa kudziwa mavuto ake. Kufooka kwa mbali iyi n'koti imayankhula ngati anthu onse amalipira mtengo wofanana akatsegula pakamwa. Loya wa ku Blantyre akadzudzula boma amabwerera kunyumba yake ya mpanda. Mayi wamasiye akadzudzula nyakwawa amabwerera kumunda wa nyakwawayo.

Mbali yachitatu imati vuto lalikulu ndi umphawi ndi kusayankhidwa. Englund yemweyo, m'buku lake la mu 2006, adadzudzula maphunziro a zaufulu omwe amauza osauka kuti ndi omasuka kuyankhula koma osakhudza chimene chimawachititsa kudalira ena. Mbali iyi ndiyo ikufotokoza bwino zimene zimaoneka kwa Kuntumanji, ngakhale ili ndi ngozi yake: olamulira ena amaigwiritsa ntchito ponena kuti anthu akufuna nsima osati ufulu, ngati kuti munthu wanjala safunika kunena kuti ali ndi njala.

Mphekesera ndi malire a mawu

Palibe mbali imene imati mawu onse ndi abwino. Lamulo la zaufiti la mu 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo nkhani za okalamba omenyedwa kapena kuphedwa chifukwa cha kunenezedwa kotere zimamveka chaka ndi chaka. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Phalombe ndi boma loyandikana ndi nyanja yomweyi.

Chofunika kuona n'choti mphekesera sizidabwere ndi demokalase. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, pamene kuyankhula kunali koopsa kwambiri, kudafala mbiri yoti boma likutenga magazi a anthu kukabweza ngongole ku South Africa. Kutseka pakamwa sikuthetsa mphekesera. Kumazithamangitsira kumalo kumene palibe angazitsutse. Bodza lonenedwa pabwalo lingafunsidwe umboni, pamene lonong'onezedwa pamjigo limangokula.

Kusiyanitsa kofunika ndi kwa maganizo ndi chinenezo. Kunena kuti "kagawidwe ka chimanga sikadandisangalatse" ndi maganizo, ndipo munthu safunika umboni kuti awanene. Kunena kuti "wapampando waba matumba khumi" ndi chinenezo, ndipo wonenayo ayenera kukhala wokonzeka kusonyeza pomwe waima. Pakati pa ziwirizi pali funso, lomwe ndi chida chotetezeka kuposa zonse: "Adabwera matumba angati, ndipo alandira ndani?"

Zodziwika ndi zokayikitsa

Chodziwika n'choti anthu akumudzi amakambirana mozama kuposa momwe amaonekera pamsonkhano. Kuyambira mu 1999 ofufuza motsogozedwa ndi Susan Watkins adapempha anthu wamba, makamaka a ku Balaka, kuti azilemba m'makope zimene amva anthu akukamba za Edzi pamsika, pamjigo, pamaliro ndi m'minibasi. Makopewo adaonetsa anthu akutsutsana, kuyerekeza umboni ndi kulangizana momasuka, pa nthawi imene akatswiri ankati Amalawi sakamba za matendawa.

Chokayikitsa ndi kuyeza kwake. Kafukufuku wa Afrobarometer, yemwe wakhala akuchitika m'Malawi kuyambira mu 1999, amafunsa anthu ngati ali omasuka kunena zimene akuganiza, ndipo ambiri amati inde. Koma anthu omwewo ambiri amanenanso kuti munthu ayenera kusamala pokamba zandale. Ena mwa ofunsidwa amaganiza kuti wofunsayo watumidwa ndi boma, zomwe zingasinthe yankho. Komanso funso lotere silisiyanitsa kunyoza pulezidenti, komwe masiku ano n'kosavuta, ndi kufunsa nyakwawa ya m'mudzi mwako, komwe n'kovuta kwambiri.

Akatswiri sagwirizananso ngati kuika chiwerengero cha amayi m'makomiti kumasintha zinthu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limati mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komiti ya malo, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Ena amati mpando umaphunzitsa munthu kuyankhula. Ena amati amayi osankhidwawo kawirikawiri amakhala achibale a mfumu, kapena amapatsidwa ntchito yosunga ndalama ndi kuphikira alendo.

Zimene ochititsa misonkhano angachite

Ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu ya mu 1998 idakhazikitsa njira yoti maganizo azichokera ku komiti ya m'mudzi, kupita ku komiti ya dera, mpaka ku khonsolo ya boma. Njirayi imagwira ntchito ngati zinthu zingapo zazing'ono zasamalidwa. Wamkulu aziyankhula pomaliza, monga momwe bwalo lakale linkachitira, osati kutsegula msonkhano ndi chigamulo n'kufunsa ngati alipo wotsutsa. Pa nkhani zovuta, amayi, achinyamata ndi obwera ayambe akambirana paokha, kenako mmodzi anene m'dzina la gulu, kuti mawu asakhale ndi mwini woti n'kumulondalonda. Aliyense aloledwe kuyankhula m'chilankhulo chimene amalota nacho, wina n'kumasulira. Posankha anthu kapena pogamula nkhani yogawanitsa mudzi, kuponya voti mobisa kumapereka yankho losiyana ndi kuimika manja mfumu ikuyang'ana.

Kaundula wa olandira thandizo ndi ndondomeko ya ndalama za komiti ziziwerengedwa mokweza ndi kumatidwa poonekera, pasukulu kapena pachipatala. Munthu akadziwa chifukwa chimene dzina lake lalowera kapena latsalira, mantha oti achotsedwa chifukwa cha pakamwa pake amachepa. Ndipo msonkhano uliwonse uziyamba ndi kuyankha zimene zidafunsidwa pa msonkhano wapitawo, ngakhale yankho lake likhale loti khonsolo yakana kapena ndalama palibe. Kudoko, izi zikutanthauzanso kusankha ola limene amayi oyanika nsomba ali omasuka, ndi kutumiza bwato kukaitana a m'zimbowera tsiku la msonkhano lisanafike.